WmiPrvSE.exe ikumaimitsidwa masiku atatu alionse, ndipo svchost ya Winmgmt ikungokulirakulira

Mlonda_wa_Maseva

Moni nonse akuluakulu. Ndimasamalira seva ya Windows Server 2016 yokhala ndi RAM ya 16 GB, imene ntchito yake yaikulu ndi kusunga mafayilo, ndipo kwa mwezi wathunthu tsopano yakhala ikundionetsa zinthu ziwiri zimene sindikudziwa ngati gwero lake ndi limodzi kapena ayi.

Choyamba n'chakuti pakadutsa masiku atatu kapena anayi, mu Application log mumatuluka Event ID 5612, yonena kuti Windows Management Instrumentation (WMI, njira imene mapulogalamu amafunsira Windows za mmene kompyuta ilili) yaimitsa WmiPrvSE.exe chifukwa ma handle ake, manambala amene process imagwirira zinthu zimene yatsegula monga mafayilo, afika pa malire a 4096. Zikatero pulogalamu yathu yoyang'anira maseva imasiya kulandira malipoti kwa mphindi zingapo, nkutumiza uthenga wakuti seva yazima pamene ili moyaka, kenako zonse zimabwerera mwakale popanda wina kukhudzapo. Chachiwiri n'chakuti svchost.exe imene muli service ya Winmgmt imayamba ndi memory yochepa seva ikangoyaka, koma pakatha masabata awiri imakhala itadutsa 1 GB, ndipo pa nthawi imeneyo mafunso ena a WMI amayamba kubweza 0x80041006, kutanthauza kuti memory yaperewera.

Ndayesa winmgmt /verifyrepository ndipo yandiyankha kuti repository, nkhokwe imene WMI imasungiramo makalasi ake, ili bwino. Pakadali pano ndikumayambitsanso service Lamlungu lililonse usiku, koma mtima wanga sukuvomera kuti kumeneku ndi kukonza, chifukwa madzi akudonthabe, ine ndikungokhuthula ndowa. Mnzanga wa kuntchito wandilangiza kuti ndichite winmgmt /resetrepository, ndikwezenso malire a ma handle aja, otchedwa HandlesPerHost, kufika pa 8192. Ndisanachite zimenezi, ndikupempha amene munakumanapo ndi vutoli mundiunikire: kodi ndiyambire pati kuti ndipeze chenicheni chimene chikutenga ma handle ndi memory osabweza?

NaMakina

A Mlonda, mwachita bwino kufunsa musanagwire repository. Chonde musaichite reset. Lamulo limenelo limabwezera repository mmene inalili Windows itangoikidwa kumene, ndipo mapulogalamu amene analembetsa makalasi awo pambuyo pake akhoza kutaya makalasiwo ngati mafayilo awo a MOF, ofotokoza makalasiwo, sanalembedwe pa mndandanda wobwezeretsa. Popeza verifyrepository yanena kale kuti zili bwino, mukhala mutadzionjezera vuto lachitatu pamene awiri oyambawo akadali pomwepo.

Kuti tiyende limodzi, ndiyambe ndi mmene funso la WMI limayendera, chifukwa pali mbali zitatu ndipo iliyonse ikhoza kukhala yolakwa. Pali wofunsa, amene angakhale script, pulogalamu yoyang'anira maseva, kapena kompyuta ina pa netiweki. Pali service ya Winmgmt yokhala mkati mwa svchost.exe, imene imalandira funsolo, kusunga mayankho mpaka wofunsa atawatenga, ndiponso kusamalira ma subscription a ma event. Ndiye pali ma provider, amene ndi mafayilo a DLL odziwa kukatenga yankho lenileni, ndipo ambiri amalowetsedwa mu WmiPrvSE.exe kuti imodzi ikagwa isagwetse service yonse. WmiPrvSE.exe payokha ndi nyumba chabe yobwereka. Ikadzaza ndi ma handle, kawirikawiri wolakwa amakhala mlendo amene wagonamo, kaya ndi provider ya Windows yofunsidwa mopitirira muyeso, kaya ndi DLL ya pulogalamu ina imene munaika pa sevayo.

Chifukwa cha zimenezi ndikuganiza kuti mavuto anuwa ndi awiri osiyana, ndipo muwafufuze padera.

Pa la svchost, dziwani kuti pa Server 2016 Winmgmt imakhala m'gulu la netsvcs pamodzi ndi ma service ena ambiri, choncho panopa mulibe umboni woti memory ikukwerayo ndi ya WMI. Kugawa ma service kuti iliyonse ikhale ndi svchost yakeyake kunayamba ndi Windows 10 1703 pa makompyuta a RAM yoposa 3.5 GB, ndipo Server 2016 inatuluka zimenezi zisanabwere. Lembani tasklist /svc kuti muone amene akukhalira limodzi ndi Winmgmt, kenako muipatule ndi sc.exe config winmgmt type= own, nkuyambitsanso service. Mpata umene uli pambuyo pa chizindikiro cha = ndi wofunika, ndipo ngati muli mu Windows PowerShell lembani sc.exe yonse, chifukwa sc yokha mmenemo imatanthauza Set-Content. Mukamaliza kufufuza mudzabwezera ndi type= share. Kumbukiraninso kuti poimitsa Winmgmt, ma service odalira iyo monga IP Helper amaima nawo, ndiye muwaone ngati adzukanso.

Kenako yezani, ndipo musadalire Task Manager. Chiwerengero chimene imaonetsa poyamba ndi private working set, chimene chimatsika Windows ikachotsa masamba ena mu RAM ngakhale pulogalamuyo isanabweze kanthu. Pangani Data Collector Set mu Performance Monitor yokhala ndi Private Bytes, Handle Count, Thread Count ndi ID Process pansi pa Process, pa ma svchost onse ndi ma WmiPrvSE onse, yotenga muyeso mphindi zisanu zilizonse kwa masiku awiri kapena atatu. ID Process musaisiye, pakuti mayina monga WmiPrvSE#1 ndi WmiPrvSE#2 amasinthana eni ake process imodzi ikatha, ndipo ndinataya sabata yathunthu ndikutsatira mzere umene pakati pake unali utasanduka wa process ina. Chimene mukufuna kuona ndi maonekedwe a mzerewo. Ukamakwera ngati makwerero, ndiye kuti pali ntchito yochitika pa nthawi yoikika imene ikusiya kanthu ulendo uliwonse, ndipo kutalika kwa sitepe iliyonse kukuuzani kuti ntchitoyo imachitika kangati pa ola.

Pa la ma handle, werenganinso Event 5612 yonse mpaka pansi, chifukwa imatchula PID (nambala ya process) ndi ma provider amene anali mu process imeneyo. Pa process yamoyo, Process Explorer ya Sysinternals ili ndi tsamba la WMI Providers mukatsegula Properties ya WmiPrvSE.exe, ndipo kalasi ya MSFT_Providers mu root\cimv2 imapereka zomwezo kudzera pa HostProcessIdentifier. Mukaidziwa PID imene ikukula, lembani handle.exe -s -p pamodzi ndi PID imeneyo, kawiri, motalikirana ola limodzi. Idzakupatsani ma handle mwa mitundu yake, monga Key, Event, File, Token, Thread. Mtundu umene wakwera ndiwo mubwere nawo kuno.

Wakale_pa_Ntchito

Ndikugwirizana ndi mayi NaMakina pa zonse za repository, koma pa nkhani yokweza malire ndili ndi maganizo osiyanako pang'ono ndi anthu amene amati musakhudze n'komwe.

Malirewo amakhala mu __ProviderHostQuotaConfiguration pa namespace ya root. HandlesPerHost imakhala 4096, ThreadsPerHost 256, MemoryPerHost 512 MB, ndipo MemoryAllHosts ndi 1 GB ya ma WmiPrvSE onse pamodzi. Pa Windows XP ndi Server 2003 MemoryPerHost inali 128 MB yokha, ndipo inakwezedwa pambuyo pake, zimene zikusonyeza kuti manambalawa si opatulika. Pali maseva otanganidwa kwambiri amene amafunikiradi zoposa pamenepo popanda chodontha chilichonse, ndipo pa oterowo kukweza malire kudzera mu wbemtest, chida cha Windows choyesera WMI, ndiye mankhwala ake. Chosiyanitsa ndi mzere umene mayi NaMakina akuti muujambule. Ngati ukukwera nthawi ya ntchito nkutsikanso usiku, ndipo umangogunda denga pa nthawi yotanganidwa, kwezani. Ngati sutsika ngakhale kamodzi, 8192 ingosandutsa masiku anu atatu kukhala asanu ndi limodzi. Inu mwanena kuti zimachitika pafupifupi nthawi yofanana ulendo uliwonse, ndipo zimenezo zikundipangitsa kukhulupirira kuti ndi kudontha kwenikweni. Komabe ngati akuluakulu anu atopa ndi mauthenga abodza a usiku, palibe cholakwika kukweza kwa kanthawi pamene mukufufuza, bola mulembe penapake kuti munasintha ndipo mudzabwezere.

Chimene ndikufuna kuonjezera ndi mbali ya wofunsa. Mu Event Viewer, pitani ku Applications and Services Logs, Microsoft, Windows, WMI-Activity, Operational. Mmenemo 5857 imalembedwa provider ikayambitsidwa, 5858 imalembedwa funso likalephera ndipo imatchula ClientProcessId, 5860 ndi ya subscription yosakhalitsa, pamene 5861 ndi ya subscription yokhazikika. Log imeneyi sionetsa mafunso amene ayenda bwino, choncho kuti muone onse sankhani Show Analytic and Debug Logs pa View, muyatse log ya Trace kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, nkuithimitsa. Event ID 11 mmenemo ili ndi funso lenileni, dzina la wogwiritsa ntchito, kompyuta imene lachokera ndi ClientProcessId. Musaisiye yoyaka usiku wonse.

Ndikufunseninso, achimwene: kodi pa sevayi pali script imene inu kapena amene analipo inu musanabwere analemba, yoyenda osaima? Nanga pali china chimene chimafunsa Win32_Product? Kalasi imeneyo imachititsa Windows Installer kuyendera pulogalamu iliyonse yoikidwa ndi MSI, ndipo mudzaizindikira ndi ma Event ID 1035 a MsiInstaller ochuluka motsatizana mu Application log. Siimene imadonthetsa ma handle nthawi zonse, koma imalemetsa WmiPrvSE kwambiri moti imasokoneza muyeso wanu.

Mlonda_wa_Maseva

Zikomo kwambiri mayi NaMakina ndi inu a Wakale. Ndatsatira zimene munanena kwa masiku atatu, ndipo nazi zimene ndapeza.

Nditaipatula Winmgmt, svchost yake yatsopano ndiyo ikukula, pamene ya netsvcs yakhazikika. Private Bytes ikukwera ngati makwerero, sitepe iliyonse mphindi khumi. Ma 1035 a MsiInstaller palibe. Koma mu Operational log ndapezamo 5860 yobwerezabwereza mphindi khumi zilizonse, yonse yochokera ku powershell.exe imodzi, ndipo funso lake ndi la __InstanceCreationEvent WITHIN 1 pa Win32_Process. Ndi script yathu yomwe, ndinailemba ndine chaka chatha kuti izilemba mayina a mapulogalamu amene akuyambitsidwa pa seva. Imayamba seva ikayaka, ndipo ili ndi loop imene imagona mphindi khumi nkubwereranso pamwamba, pomwe pali Register-WmiEvent.

Pa WmiPrvSE, imene ikukula ndi yoyenda pansi pa SYSTEM, osati ya NETWORK SERVICE imene muli cimwin32.dll. Muli ma provider atatu, awiri a Windows ndi imodzi ya pulogalamu yoona za ma disk ndi kutentha kwa makina, imene inabwera ndi hardware. Handle.exe yaonetsa kuti mtundu wa Key wakwera ndi pafupifupi 50 pa ola, ina yonse sinasinthe. Kodi pamenepa ndingatsimikize bwanji kuti yolakwa ndi iti mwa itatuyo, popeza kampani yopanga pulogalamuyo idzafuna umboni?

Mlembi_wa_Code

A Mlonda, ndiyankhe za script poyamba chifukwa ndiyo ili m'manja mwanu.

Subscription yosakhalitsa imakhala ndi moyo malinga ngati process imene inailembetsa ikadali moyo ndipo sinaichotse. Script yanu siima, ndiye ulendo uliwonse loop ikabwerera pamwamba imalembetsa yatsopano pamene zakale zonse zikugwirabe ntchito. Pa mphindi khumi zilizonse ndiye kuti 144 pa tsiku, ndipo pa masabata awiri zimadutsa 2000. Tsono mawu akuti WITHIN 1 ndi amene akukulitsa nkhaniyi. Kalasi ya Win32_Process ilibe njira yodziwitsa WMI yokha kuti process yatsopano yabadwa, choncho WMI imachita kutenga mndandanda wa ma process onse sekondi iliyonse, kuusunga, nkuufananiza ndi umene unatengedwa kale. Ntchito yosunga ndi kufananiza imachitikira mkati mwa service ya Winmgmt, n'chifukwa chake memory ikukwera mu svchost osati mu powershell.exe mokha. Muyang'anenso powershell.exe imeneyo, chifukwa ngati simunaike -Action ndipo simuchita Remove-Event, ma event osawerengedwa amaunjikana mu mzere wake.

Kukonza kwake n'kosavuta. Tulutsani Register-WmiEvent mu loop kuti ichitike kamodzi kokha script ikayamba, muipatse -SourceIdentifier ya dzina lokhazikika, ndipo muike Unregister-Event mu finally. Dzina lokhazikikalo limathandizanso chifukwa PowerShell imakana kulembetsa kachiwiri ndi dzina lomwelo, ndiye cholakwika chotere chimaonekera tsiku loyamba. Ndikulangizaninso kusiya __InstanceCreationEvent nkugwiritsa ntchito Win32_ProcessStartTrace, imene imalandira uthenga process ikayamba popanda kufunsa sekondi iliyonse, ndipo siphonya ma process amene amabadwa nkutha sekondi isanakwane. Imafuna mphamvu za administrator. Ndipo ngati cholinga chanu ndi kungosunga mbiri ya zimene zayambitsidwa, Audit Process Creation imalemba Event ID 4688 mu Security log popanda script iliyonse.

Kwa ena amene adzawerenge zokambiranazi ali ndi pulogalamu ya .NET kapena VBScript, cholakwika chofanana nacho chimabwera pamene ManagementObjectSearcher ndi ManagementObjectCollection sizichitidwa Dispose, kapena pamene ExecQuery ikuitanidwa pa kalasi yaikulu popanda flag ya forward-only. Nambala 48 imene mumaiona m'ma script akale ndi 16 kuphatikiza 32, kutanthauza return immediately ndi forward only, ndipo imauza WMI kuti isasunge mayankho amene wofunsa wawerenga kale.

Tsopano za ma handle a Key. Musanatsegule debugger, yambani ndi chapafupi: mu Process Explorer sankhani WmiPrvSE imeneyo, tsegulani chigawo cha pansi pa Handles, musanje mwa Type. Ma handle a Key amakhala ndi mayina, ndipo ngati muona malo amodzimodzi a registry atabwerezedwa kambirimbiri, dzinalo lokha likhoza kukuuzani mwini wake. Mwachita mwayi kuti si Event, chifukwa ma Event ambiri sakhala ndi dzina.

Umboni wachiwiri ndi kuipatula provider imene mukuikayikira. Iliyonse ili ndi instance ya __Win32Provider mu namespace yake, ndipo mmenemo muli HostingModel. Mukaonjezera colon ndi dzina lililonse kumapeto kwake, mwachitsanzo LocalSystemHost:Yokha, provider imeneyo imalowa mu WmiPrvSE yakeyake service ikayambitsidwanso. Lembani kaye penapake HostingModel yakale musanasinthe. Ngati kudonthako kwasamukira ku process yatsopano ndipo yakaleyo yakhazikika, mlandu watha. Ubwino wina ndi wakuti ikadzafika pa 4096 izidzagwa yokha, osatenga ma provider a Windows.

Umboni wachitatu, umene opanga pulogalamuyo sangaukane, ndi call stack, mndandanda wa ma function mmene anaitanirana. Lumikizani debugger ya WinDbg ku process imeneyo, lembani !htrace -enable, muilole iyende ndi g kwa mphindi makumi awiri kapena atatu, muiimitse, kenako !htrace -diff. Idzakuonetsani ma handle amene atsegulidwa kuyambira pamene munayatsa ndipo sanatsekedwe, lililonse ndi njira imene linadzera, ndipo mudzaona dzina la DLL pansi pa RegOpenKeyEx. Chenjezo langa ndi lakuti nthawi yonse imene debugger yaimitsa process, aliyense wofunsa provider imeneyo amadikira, ndiye muchite zimenezi pa nthawi imene mwagwirizana ndi anzanu. Pomaliza tulukani ndi .detach kapena qd, chifukwa q yokha imapha process. Tenganinso dump, kope la memory ya process, ndi procdump -ma pamene ma handle ali pafupi ndi 3500, WMI isanaiimitse, popeza ikaimitsidwa umboni wonse umapita nayo.

NaMakina

Ndingoonjezera chimodzi pa zimene a Mlembi afotokoza bwino lomwe. Mukakonza script, musathimitse Data Collector Set msanga. Isiyeni iyende masabata awiri athunthu, nthawi yofanana ndi imene vutoli limatenga kuti lionekere, ndipo Winmgmt ikhalebe yopatulidwa mpaka pamenepo. Zimachitika kuti chodontha chachikulu chimabisa china chaching'ono, ndipo chaching'onocho chimaoneka pokhapokha mzere waukulu utagona. Ngati Private Bytes idzakwerabe popanda 5860 yatsopano, ndiye padzafunika gflags ndi +ust pamodzi ndi UMDH kuti tione amene akutenga heap, koma tisafike kumeneko tisanaone muyeso.

Mlonda_wa_Maseva

Ndabweranso patatha masiku khumi ndi asanu ndi limodzi. Script ndinaichotseratu, tikugwiritsa ntchito 4688 monga a Mlembi ananenera, ndipo svchost ya Winmgmt yakhala pamalo amodzi nthawi yonseyi, ikungokwera pang'ono masana nkutsikanso usiku. Dzulo ndaibwezera ku type= share.

Pa ma handle, Process Explorer inaonetsa key imodzimodzi ya pulogalamu ya hardware ija itatsegulidwa kopitirira 2000. Nditaipatula provider yake, kudonthako kunasamuka nayo, ndipo !htrace -diff inaonetsa DLL yawo ikutsegula key imeneyo ulendo uliwonse pulogalamu yoyang'anira maseva ikafunsa za kutentha kwa ma disk. Ndawatumizira dump ndi zotsatira za htrace, alandira, ndipo akuti akuziona. Pakadali pano ndachepetsa kufunsako kuchoka pa mphindi iliyonse kufika pa mphindi khumi ndi zisanu, provider ndaisiya mu WmiPrvSE yakeyake, ndipo HandlesPerHost sindinaisinthe.

Funso limodzi latsala, mayi NaMakina kapena a Mlembi: ndikadzalandira pulogalamu yokonzedwayo nkuiika, kodi HostingModel imene ndinasintha idzabwerera yokha, kapena ndiyenera kuibwezera ndi manja ndisanaike?

Mlembi_wa_Code

Ibwezereni ndi manja musanaike, pogwiritsa ntchito HostingModel yakale imene munalemba ija. Ma installer ambiri amalembetsanso provider pochita mofcomp pa fayilo yawo ya MOF, zimene zimafufuta kusintha kwanu, koma si onse amene amatero, ndipo ndi bwino kuti pulogalamu yatsopanoyo ipeze zinthu mmene inazisiyira. Mukaika, onani HostingModel kachiwiri, kenako muthamangitse handle.exe -s kawiri monga poyamba paja, mutabwezera kufunsa kwa mphindi iliyonse, kuti mtundu wa Key uyesedwe pa katundu yemweyo amene unkadontha naye.